Zilembo za Mkazi Mnzanga

Anzanga, ndinakumana naye sabata yanga yoyamba pa kampani ina yolemba mapulogalamu a pakompyuta.

Anandipatsa desiki ya pakona, pafupi ndi printa yokonda kutafuna mapepala. Ndili mkati molemba, mnyamata wina wamagalasi anaima kumbuyo kwanga n'kuyamba kuseka.

"Sisi, ichi n'chiyani? Mwalemba kuti ogulaOvuta?"

Kwa inu osadziwa ntchito yathuyi, polemba pulogalamu kanthu kalikonse umakapatsa dzina. Ambiri amatchula m'Chingerezi, koma kompyuta ilibe nazo kanthu, dzina lililonse imalandira. Ine ndinkalemba m'chiyankhulo chathu, poti ndi mmene mutu wanga umayendera.

"Ndi makasitomala okonda kubweza katundu," ndinayankha, manyazi atandigwira.

"Eee, koma zikumveka bwino kuposa zathuzi! Musasinthe ayi."

Basi mtima wanga unapita pomwepo.

Posakhalitsa nayenso anayamba kulemba ngati ine. Kachigawo kodzutsa pulogalamu m'mawa anakatcha dzukaWanga. Koyeretsa zinyalala anakatcha sesaPakhomo, ati kukonzekera banja. Ndinkati ndikatsegula khodi, zolemba za pulogalamuzo, ndimangomwetulira ndekha ngati wozerezeka.

Tsiku lina abwana anadandaula kuti mayinawa ndi achibwana. Wamagalasi anaimirira.

"Bwana, khodi imawerengedwa ndi anthu, ndipo anthu ake ndife. Musiyeni alembe."

Ndani anandiikirapo kumbuyo chonchi? Chikondi chinafika pamponda chimera. Achemwali anga anachita kumudziwa, mpaka kumamutchula kuti alamu.

Koma chakudza sichiimba ng'oma...

Kampani inapeza kasitomala wamkulu wa kudziko lakutali. Iwowo anafuna kuti mbali ina ya pulogalamu ikhale ndi mayina a zilembo zakwawo, zokhotakhota ngati mbedza, zoyambira kumanja kupita kumanzere. Ndiye abwana analemba ntchito mtsikana wina amene anaphunzira komweko.

Kukongola ndiye ndisaname, ngwokongola. Pafyumu wake ankafika mu ofesi mwiniwake asanafike. Ndipo mpando anamuikira pafupi ndi ndani? Mwadziwa kale.

Masana ena ndikuchokera kogula chakudya cha awiri, ndinapeza mtsikanayo atamugwira dzanja wamagalasi, akumuyendetsa papepala.

"Iwe, cholembera sagwira ngati khasu!" mtsikanayo anatero, onse n'kufa nako kuseka.

Dzanja limenelo, anzanga, ndi lomwe ndinkaligwira ine podutsa msewu. Chakudya chake ndinapatsa alonda.

Madzulo ndinamufunsa.

"Zilembozi waziyamba liti kuzikonda?"

"Babe, ndi ntchito chabe. Relax."

"Nanga mpaka kugwirana manja?"

"Iwe nsanje idzakupha. Ukufuna ndikhale mbuli?"

Nditawauza achemwali, anangoti, "Mwamuna akalimbikira sukulu yomwe sanamutume, uyambe waona aphunzitsi ake."

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wapolisi. Akaseka, khosi langa latembenuka kale. Akapita kukamwa tiyi, inenso ludzu landigwira. Ndinkatsegula khodi yawo n'kumangoyang'ana mbedzazo, osamva ngakhale kamodzi, mtima ukuwawa ngati akundinena ineyo.

Kenako kunabwera miting'i ina.

Abwana anati ziyankhulo zitatu mu pulogalamu imodzi ndi chipwirikiti, chimodzi chichoke. Anatembenukira kwa wamagalasi poti ndiye wamkulu pagulu lathu.

"Iwe ukuti bwanji?"

Ine mtima unali m'malo. Munthu wanga ndimamudziwa.

Anakonza magalasi ake, osandiyang'ana.

"Zakasitomala zikhale, ndi zokongola komanso ndi professional. Chingerezi chikhale. Zinazi... zinali zoseweretsa chabe, bwana. Ndizichotsa ndekha."

Zoseweretsa!

Mtsikana uja anangowerama, akusewera ndi chibangili chake.

Wamagalasi sanachedwe n'komwe. Pomaweruka n'kuti mayina anga onse atawasintha, ndi ake omwe ankandilembera aja. Ndinamupeza pamasitepe.

"Suja unati khodi imawerengedwa ndi anthu?"

"Anthu amasintha, dear. Mwina tikhale ma friends, nsanje yakoyi yanditopetsa."

Ndinalira m'chimbudzi cha ku ofesi mpaka amayi okolopa anagogoda kufunsa ngati kwagwa maliro.

Mwezi wotsatira awiriwo anatumizidwa kwa kasitomala kuja, akakhale komweko chaka chonse. Wotsala kusamalira pulogalamu kuno ndi ine. Nditawauza abwana kuti mbali inayo sinditha kuiwerenga, ngakhale kuitayipa, anandiyankha mosazungulira.

"Phunzira. Apo ayi tipeza wina."

Ndiye ndinagula timapepala ta zilembozo n'kumata pa kiyibodi yanga. Tsiku ndi tsiku ndimakhala ndikuloweza mbedza za mkazi mnzanga kuti ntchito isandithere.

Dzulo pulogalamu inaima, makasitomala ali pamzere, abwana ali pamutu panga. Vuto linali mbali yomweyo. Ndinaimbira wamagalasi.

Foni inalira kawiri. Anayankha ndi mtsikana uja.

"Akusamba. Chavuta n'chiyani, achemwali?"

Akusamba... foni yake ili m'manja mwa wina.

Ndinafuna kudula, koma abwana anali poteropo akundiyang'ana.

"Tandiwerengereni dzina lomwe likuonekalo, ndikuthandizeni," anatero mtsikanayo mokoma.

Ndinawerenga, anzanga. Chilembo chimodzichimodzi, kuchokera kumanja. Anandiuza pokonza, pulogalamu n'kuyambanso kuyenda.

Asanadule anaseka pang'ono.

"Koma mwayamba kukhoza bwanji! Mwachangu kuposa mmene anachitira awa."

Ine n'kunena kuti zikomo.