Chikuta cha ku South Bend

Mwana wathu woyamba anabadwa ku South Bend masamba a mitengo atayamba kufiira ndi kuyoyoka. Ndinali ndisanathe chaka ku America. Chingerezi changa chinali cha moni basi, poti sukulu ndinalekezera kupulayimale, ndipo munthu akagogoda pakhomo ndinkangoti zii mpaka achoke. Bambo a mwana ankagwira ntchito yosamalira okalamba, kuchoka m'mawa kubwera kutada. Choncho tinkaswera awiri, ine ndi khanda, m'nyumba ya lendi yamatabwa, yakalekale, ya zipinda zambiri kuposa anthu ake.

Kwathu mayi akachira amalowa m'chikuta. Iye ndi mwana amabindikira m'chipinda chimodzi mpaka mchombo utagwa, azimayi akumuphikira phala, kumuthowa ndi madzi otentha, kumuseka akamayenda mopepera. Ine zimenezo zinandiphonya. Anatitulutsa m'chipatala, tinakwera galimoto, basi. Amayi anga anangotumiza zitenje kudzera kwa munthu wina wa kutchalitchi amene anapita kumudzi. Ndinaziika pansi pa sutikesi. Nthawi zina ndinkazitulutsa, kuzinunkhiza, n'kuzibwezera momwemo.

Kenako chisanu chinafika. Sichinali ngati cha mu Juni kwathu ku Dedza, choti dzuwa likatuluka umakaothera kuseri kwa nyumba. Kumeneko dzuwa limatuluka ndithu, koma longoona ndi maso. Sinowo, madzi oundana ogwa ngati ufa, anakwirira msewu, ndipo mphepo inkalowa pansi pa zitseko ndi m'mbali mwa mawindo, moti makatani ankagwedera mawindo ali chitsekere. Hita ya gasi inkangolira osapuma, mpweya wotentha ukutulukira m'timabowo ta pansi m'chipinda chilichonse.

Bilu ya gasi itabwera, bambo a mwana anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimbira foni achemwali awo aakulu, amene ndi namwino ku Indianapolis. Atamaliza anandiitana.

"Mayi a mwana, tamvani. Mukakhale kaye kwa achemwali mpaka kunja kufunde. Ine ndekha ndikhoza kutsitsa hita n'kumagona ndi jekete, koma khandali ayi. Abwera Loweruka kudzakutengani."

Ndinati, "Chabwino."

Alamu anga si munthu woipa. Koma nyumba yawo inali yodzaza ndi ana akuluakulu olankhula Chingerezi chothamanga, ndi alendo a kutchalitchi olowa ndi kutuluka. Ndinkadziona ndili pakona, ndikuopa ngakhale kutsegula filiji ya eni ake. Komanso munthu yekhayo amene ndinkamasuka naye m'dziko lonselo ndikanamusiya, ndipo mwana akanayamba kuseka bambo ake palibe.

M'mawa mwake, m'malo molongedza, ndinabereka mwana n'kuyamba kuzungulira m'nyumba. Ndinalowa m'chipinda chomwe tinkati n'cha alendo, ngakhale mlendo anali asanagonemo. Munali mofunda bwinobwino. Amene ankaotha anali masutikesi ndi mpando wothyoka mwendo. Ndinadzifunsa kuti, kodi kwathu alipo angasonkhe moto m'nyumba mopanda munthu?

Ndinagoneka mwana, n'kukwekweretsa matiresi mpaka pabalaza, pafupi ndi khitchini. Ndinatseka zitseko za zipinda zonse pamodzi ndi timabowo take. Panatsala khomo lalikulu lopanda chitseko, lochoka pabalaza kupita kuzipinda. Pamenepo ndinaima kanthawi, kenako ndinakatsegula sutikesi ija. Chitenje chobiriwira chokhala ndi nsomba ndi chinzake chamaluwa ndinazipachika pa chingwe choyanikira zovala, khomo lonse n'kutsekeka. Zina ndinazipota ngati nkhata yaitali n'kuzitsindira pansi pa zitseko. Mtima unandiwawa poika nsalu za amayi pansi, nsalu zoti ndinali ndisanavalepo.

Bambo a mwana atabwera anaima pakhomo nsapato zili kuphazi.

"Kodi tasamuka?"

Ndinapitiriza kuyamwitsa mwana. Anakhala pamatiresi, ndipo patapita kanthawi anavula jekete. Za Loweruka sanatchule, inenso sindinatchule.

Alamu anafika Loweruka masana. Anakankha chitseko, chitenje cha pansi chikukaniza, n'kulowa akusasa sinowo pamapewa. Anayang'ana matiresi, anayang'ana nsalu zopachika zija, n'kuomba m'manja.

"Iii, mlamu! Mwaberekanso wina osandiuza?"

"Ayi, alamu."

"Nanga chikuta ichi n'cha ndani? Zikwama zili kuti?"

Ndinayang'ana pansi. Kenako ndinayankha kuti, "Ndimati mwina tikamakhala muno mokha, hita izitenthetsa malo ochepa. Ndiye mwina ine osapita."

Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe, si unandiuza kuti mkazi wako wavomera?"

"Anati chabwino."

"Chabwino wa mkazi uyu sunamudziwebe? Ngakhale utamuuza kuti akagone panja pa sinowo, adzati chabwino."

Alamu ananyamula mwana, kumugwira pakhosi ndi kumapazi, n'kugwedeza mutu kuti ali bwino. Kenako anayamba kuyendera nyumba ngati ali m'wodi. Atafika kubafa anakuwa.

"Mlamu, apa pokha mwaphonya! Kuno musatsekeko. Madzi akaundana m'mapaipi amaphulika, mwininyumba mudzamuuza chiyani? Ndipo timabowoti musatseke tonse, hita nayo imafuna kupuma." Anatsegula tina ndi phazi, n'kukokera chitenje china kutali ndi mpweya wotentha. "Chinanso, ndisadzamve kuti mwayatsa makala muno, kapena mwasiya uvuni wotsegula kuti muziotha. Nyumba za kuno si za udzu zoti utsi umatulukira kudenga. Mungagone osadzuka nonse atatu."

Alamu anali asananenebe ngati ndikupita kapena ayi. Ndiye ndinamva akutuma mlongo wawo kusitolo. "Ukagule pulasitiki wa mawindo ndi selotepi yake. Wa mawindo, wamva? Usabwere ndi majumbo a zinyalala."

Tinamata mawindo onse tsiku lomwelo. Iwo ankawomba pulasitikiyo ndi chowumitsira tsitsi mpaka atakungika ngati chikopa cha ng'oma, ine ndikugwirira m'makona. Makatani anasiya kugwedera. Titamaliza ndinati ndikaphike, koma anandigwira mkono.

"Khalani pansi. Mwaonapo mayi wa m'chikuta akuphikira alendo?"

Analowa m'khitchini mwanga, n'kuphika phala lothira chiponde. Anandibweretsera pamatiresi pomwepo, n'kundiyang'anira mpaka nditamaliza. Ndinadya nditawerama kuti asaone maso anga. Mwina anaona, chifukwa anayamba kunyoza mlongo wawo kuti selotepi wamata mokhota ngati njira ya woledzera.

Ananyamuka Lamulungu titaweruka kutchalitchi, okhaokha. Ali m'galimoto anatsitsa galasi. "Bilu ikabwera mundiuze. Ikapanda kutsika ndibweranso, ndipo inu ndi chabwino wanuyo ndidzakunyamulani."

Inatsika. Osati modabwitsa, koma mokwanira kuti nkhani ya ulendo isatchulidwenso.

Chisanu chonsecho tinakhala m'chipinda chimodzi. Dzuwa likawala ndinkatsegula makatani kuti lilowe, likamapendeka n'kutseka msanga. Ndikaphika nyemba, fungo ndi kutentha kwake zinkakhala nafe mpaka madzulo. Mwana ankagona m'kabedi kake pambali pathu, atavala zovala zosanjikiza, ife tikucheza motsitsa mawu za kumudzi, za amene anakwatira ndi amene anamanga ya malata. M'miyezi imeneyo ndi mmene ndinaphunzira kuuza mwamuna wanga zimene ndikufuna, pang'onopang'ono, poti m'chipinda chimodzi mulibe kothawira. Tsiku limene mwana anaseka mokweza koyamba, bambo ake anali atamunyamula pafupi ndi chitenje cha nsomba chija, akumuloza nsomba imodziimodzi.

Panopa tikukhala ku Indianapolis, chakufupi ndi dera la Speedway, m'nyumba ya mawindo atsopano osalowa mphepo. Mwana uja ali ndi chipinda chake. Ndikamuitana m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, chitseko chili chotseka. Alamu amakhala pafupi, ndipo mpaka lero ndikati chabwino amandiyang'ana m'maso kaye.

Zitenje zija ndimavala tsopano. Chimene chinkakhala pansi pa chitseko cha panja chili ndi mzere wakuda pakati, wa matope ndi mchere umene amathira mumsewu kuti sinowo asungunuke. Ndachichapa kambirimbiri koma mzerewo sunachoke. Kukayamba kuzizira, chimenecho ndi chimene ndimayamba kutulutsa.