Chiwindi cha Amalume

Ndili kuseri kwa nyumba, ndikutumbula mbuzi ya chinkhoswe cha mwana wanga. Chiwindi ndi cha amalume, ndipo aima pambali ndi mbale. Koma chiwindicho chamangiriridwa ku nembanemba yotchinga mapapo ndi timinyewa toyera ngati ulusi. Ndikadula kumanja n'kupita kumanzere, kumanja kwalumikizananso. Mpeni wasanduka supuni.

"Mphwanga, alendo akupita," akutero amalume. "Usaphulitse ndulu."

Mbuzi ikutsegula diso n'kuyamba kupuma, chiwindi chikukwera ndi kutsika. Ndikachikoka, mpweya ukundithera ineyo.

"Amalume, chikukana kuchoka."

"Ndiye undipatse chako," akutero, akundiyandikizira mbale ija.

Ndadzuka nditagwira pansi pa nthiti zakumanja, nditakwiyira amalume amene tinawaika m'manda kalekale.