Nyundo ya Che Amini pa Kaseti

Ndikakumbukira Che Amini, ndimamva fungo la malata otenthedwa pamakala, fungo lija lokanda kukhosi limene linkalowa m'nyumba mwathu ku Zingwangwa chitseko tisanatsegule n'komwe, kenako ndimamva nyundo yawo ikugogoda pa chidutswa cha njanji, kho kho kho, kungoyambira pamene abwera kumzikiti m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ankakhoma ndowa, mbaula ndi nyale za koloboyi pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi mpopi umene tonse a nyumba za lendi tinkatungapo madzi. Anali bambo wamfupi, wa kofiya yoyera imene sinkada ngakhale amagwira mwaye tsiku lonse, ndipo mawu awo anali owerengeka.

Amayi anga ankati nyundo imeneyo idzatigonthetsa tonse. Chimene chinkawapsetsa mtima kwambiri n'chakuti Che Amini ankakhoma mopanda ulemu. Azimayi akasonkhana pampopi, nkhani n'kufika pokoma, iwo ndiye ankasankha nthawi yomweyo kumenya chitsulo mwamphamvu mpaka munthu osamva mnzake. Azimayiwo ankangotsonya n'kusenza ndowa zawo.

Mwana wawo, achimwene a Yusufu, anatumizidwa ndi boma kukoleji ku Mangalande kukaphunzira za madzi a m'mipopi. Makalata awo ankangoti ali bwino, ali bwino, paja tonse tinkadziwa kuti kalata yochokera kunja imafika itawerengedwa kale ndi maso ena. Zoona zake tinazimva kwa mnzawo wa kukoleji komweko amene anabwera kumaliro a bambo ake. Anakhala pa chitini pansi pa mango paja n'kunena motsitsa mawu kuti a Yusufu aonda, sakugona, akuti dziko lakelo lili zii ngati kumanda, anthu amadzitsekera m'nyumba, ngakhale tambala samveka, ndipo alongedza kale sutikesi kuti abwerere mayeso asanalembe. Ine ndinali pomwepo ndikutsuka mbale, ndinaona Abiti Saidi, mayi awo a Yusufu, akugwira mutu. Masiku amenewo munthu wotumizidwa ndi boma akabwerera chimanjamanja sankangotaya ntchito ayi, ankafunsidwanso kuti wabwereranji, anakumana ndi yani kumeneko, ndipo ena ofunsidwa choncho sitinkawaonanso.

Abiti Saidi ankafuna kutumiza ufa ndi usipa, koma mnzawo uja anati pandege sangalole. Che Amini anangodzuka. Anapita kwa bambo wina amene anagwirapo ntchito ku Joni n'kukabwereka wailesi ya kaseti, ija yojambula mawu, kuti tonse timulankhule mwana wawo.

Loweruka limenelo mukanationa. Tinasamba, tinadzola mafuta, amayi anavala chilundu cha kutchalitchi ngati kuti wailesiyo ili ndi maso. Aliyense akafika pamaso pake ankaima chilili, n'kukhosomola, n'kuyamba kulankhula ndi mawu a pamsonkhano: kuno tili bwino, mvula yagwa bwino, kuli bata ndi mtendere, limbikirani sukulu. Amayi anga, amene mawu awo ankamveka mpaka kumsika, ananong'ona ngati mkwatibwi. Ine ndinalakatula ndime ya kusukulu. Titatha, Che Amini anabweza kasetiyo, tonse tinamvetsera, iwo n'kupukusa mutu.

"Awa si ife," anatero. "Akamva zimenezi aganiza kuti kwawo anthu anasamuka, kwatsala alendo."

Anafufuta zonse, azimayi n'kumwazikana akudandaula kuti asambira chabe.

Lolemba m'mawa ndinawaona akutenga wailesi ija n'kuivundikira ndi mbaula imene anali asanaimalize, ija ya zibowo zambirimbiri, n'kudina batani. Ndinaona ndine ndekha, paja ine kuyambira ndili mwana maso anga sakhala pamodzi. Anandiyang'ana, n'kuika chala pamlomo, n'kutola nyundo yawo. Ndiye tsiku linayenda monga limayendera: madzi akuthira m'ndowa, Abiti Saidi akukangana ndi wogulitsa usipa kuti mulu wake wachepa ngati wa mphaka, ana akulimbirana mpira wa mapepala, minibasi ikuliza hutala kumsewu, ndipo amayi anga anakuwa ndi mawu awo enieni aja kuti, "Esinati iwe, ndowa yadzaza kalekale, wangoti maso tong'o ngati nkhuku yachilendo bwanji?"

Kenako anatulukira Mayi a Joji, a nyumba yoyandikana ndi yathu, akuchokera kumsika dengu lili lopanda kanthu, nkhope ili gwa. Anayamba asanatule n'komwe. Anati anyamata a chipani awabweza pachipata chifukwa cha khadi, ndipo akuti agulenso lina la mwana wa kumsana, mwana woti mano sanamere. Mawu ankakwera, ankakwera, ndipo ndinamva kuti atsala pang'ono kutchula zosatchulika. Ndinakumbukira kuti mnzawo wa a Yusufu anali atanena kuti ku Chileka, pabwalo la ndege, kaseti iliyonse amayamba aimvetsera. Ndinayang'ana mbaula ija, ndinayang'ana Che Amini.

Iwo sanatembenuke n'komwe. Anakoka ndowa yaikulu, n'kuivundikira pa njanji paja, n'kuyamba kuimenya kumatako ngati yawalakwira. Phokoso lake linadzaza bwalo lonse, nkhuku zinathawa, Mayi a Joji pakamwa pakungoyenda koma mawu osamveka. Atatopa anawatembenukira n'kuwafunsa ngati kwawo ku Mangochi anthu saphunzitsidwa ulemu.

"Ndowa ya eni ake iyi, mayi," anatero Che Amini. "Akuifuna lero."

Pamenepo m'pamene ndinazindikira. Sikuti anayamba tsiku limenelo chifukwa cha kaseti ayi. Zaka zonse zija ankachita zomwezo. Ndinakumbukira kuti nyundo inkakula nthawi zonse nkhani ya pampopi ikakhotera ku makhadi, ku zopereka, kapena kwa wakutiwakuti amene anatengedwa ndi galimoto, ndipo ndinakumbukiranso bambo wa nyumba yakumapeto amene ankakonda kukhala pawindo osalankhula ndi munthu. Azimayi ankawanena Che Amini kuti ndi amwano, osadziwa kuti akugona m'nyumba zawo chifukwa cha mwano umenewo.

Madzulo ake anandiitana kuti timvetsere limodzi, poti makutu awo anali atayamba kufooka. Ndinatchera khutu pamalo paja kawiri konse. Munkangomveka kuti mayi wina wakwiya, koma chimene wakwiyira chinali chitamira m'chitsulo. Ndinawafunsa ngati achimwene a Yusufu sadzakhumudwa kulandira kaseti yopanda ngakhale moni.

"Wopukwa safuna kuuzidwa kuti kwawo kuli bwino," anatero akukulunga kasetiyo m'kansalu. "Amafuna amve kuti kwawo kulipo."

Ku Chileka akuti anaimvetsera pang'ono n'kumubwezera mnzawo wa a Yusufu uja, amene anainyamula, amvekere iyi ndi yowonongeka. Achimwene a Yusufu sanabwerere chaka chimenecho. Anabwera maphunziro atatha, atanenepa, atavala jekete lalitali m'dzuwa la Okutobala, ndipo atandiona pampopi anandifunsa ngati ndowa ija ndinaichotsapo. Anatiuza kuti kaseti ija ankaiyatsa m'mawa uliwonse akuvala, mpaka anzawo a chipinda choyandikana anafunsa ngati kwawo ndi kufakitale. Anatinso atamva nyundo ikukula mwadzidzidzi anaseka yekhayekha koyamba chifikireni kumeneko, chifukwa anadziwa kuti Mayi a Joji akadali moyo ndipo pakamwa pawo sipanasinthe. Mayi a Joji anafunsa kuti iwo alowamo bwanji m'nkhaniyi, koma palibe anawayankha.

Lero Che Amini kulibe, anagona chaka chimene ndinakwatiwa. Ine ndili ku Misesa ndi mwana wa m'manja, Tadala, ndipo bambo ake anatumizidwa ndi kampani yawo ku Indiya kukaphunzira za makina oluka nsalu. Mantha ndiye ndili nawo, sindingabise: mwana akatsokomola ndimadzuka, galimoto ikaima pamsewu ndimasuzumira pakatani, munthu akagogoda ndimayamba ndafunsa kawiri. Kalata yawo yomaliza inati ali bwino pamwamba, ali bwino pakati, ali bwino pansi, ndipo ine kuli bwino kotereku ndimakudziwa. Apongozi akuti ndiwalembere mawu olimbikitsa, koma ine sukulu ndinalekera pulayimale, ndipo ngakhale ndikanapitiriza, ndikudziwa kuti si mawu amene akusowa.

Ndabwereka wailesi kwa alamu anga, ndaivundikira ndi dengu pakhonde. Mulowe kulira kwa Tadala, mulowe wamakala amene amakuwa ngati akulengeza maliro, mulowe anzanga a pampopi ndi miseche yawo, sindiwauza kuti asambe. Bambo a Tadala sabwerera mayeso asanalembe, zimenezo ndatsimikiza. Nyundo ndilibe, koma mtondo ndausendeza pafupi ndi dengu, nsinjiro zili momwemo, ndipo nkhani ikangoyamba kukhota, ine nditola munsi.