Kumutu kwa Chithunzi Nkuti?

Adalaivala opuma pantchito a m'nyumba yapakona ali ndi chithunzi chakalekale pabalaza, chimene salola munthu kuchikhudza. Mulibe nkhope kapena mtengo, ndi mabanga ofiira ndi mizere yakuda basi. Amene anachikoloweka ndi malemu akazi awo. Ukawafunsa tanthauzo amati, "Ine sindichimvetsa, ndimangochisunga."

Loweruka chinagwa, pepala n'kusololoka mufelemu. Mtima wawo unali m'mwamba: kumutu nkuti, kumiyendo nkuti? Anachitembenuza uku ndi uku mpaka mwana wawo wamkazi anawapeza.

"Mwanawe, ndasokoneza chithunzi cha amayi ako. Chinkakhala bwanji?"

"Ababa, amayi ankachitembenuza mwezi uliwonse. Simunkaona?"

Adalaivala anakhala pansi, n'kuyamba kuchiyang'anitsitsa.