Apongozi Anga pa Gulupu ya Mpingo

Uadimini sindinaupemphe. Tsiku lina titaweruka m'tchalitchi, akulu a mpingo anandikodola n'kunena kuti, "Aphunzitsi, za mafonizi mumazidziwa ndinu. Titsegulireni gulupu yoti tizidziwitsana za maliro ndi misonkhano." Ndinavomera ndikumwetulira, osadziwa kuti ndadzimanga ndekha chingwe m'khosi ngati mbuzi.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatira kufupi ndi Nsaru, ndipo nyumba ndinamanga pamalo a apongozi anga aakazi. Munda umene timadya ndi wawo, ngakhale mtengo wa mango umene ndimakhala pansi pake pochonga makope a ana ndi wawonso. Kuno mkamwini ndi apongozi ake amaopana. Tikakumana panjira iwo ankapatukira m'munda, ine n'kuyang'ana kumbali mpaka titapitirirana. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, ine ndili pomwepo kuseri kwa nkhokwe. Zaka zonsezo mawu awo ndinkangowamvera patali, akamathamangitsa nkhuku.

Gulupu inayenda bwino mpaka chaka chimene apongoziwo anayamba kupita ku mapemphero ena a pakati pa sabata, n'kukabatizidwanso pomizidwa mumtsinje wa Namitete. Mpingo wathu umabatiza makanda powathira madzi pamutu. Iwo anabwerako atatsimikiza kuti umenewo si ubatizo, n'kusukusula mwana basi. Foni analibe, kulemba sankatha, koma anaphunzira kudina kabatani kojambulira mawu pa foni ya mkazi wanga, foni imene ndinagula ndekha.

"Abale, Ambuye anachita kutsikira m'madzi, sanatungiridwe m'kapu ayi," anatero m'mawu awo oyamba. Mkulu wina wa mpingo wathu, mlimi wa fodya wokonda kulemba zilembo zikuluzikulu zokhazokha, anawaunjikira mavesi. Ena anapezerapo mwayi wodzutsa za Sabata, ena za nkhumba. Amene sankafuna zamikangano ankandiimbira kudandaula kuti bandulo ikuthera zopanda pake, ndipo uthenga wa maliro unkakwiririka pansi osaoneka.

Ndinalemba kuti chonde tizilemekezana. Mkazi wanga anawawerengera amayi ake, ndipo posakhalitsa foni yanga inalira.

"Inu a adimini, mwaswera bwanji? Za ulemuzo ndamva. Koma tandiuzani, kodi kamwana koyamwa kamalapa tchimo lanji?"

Sindibisa, ndinasangalala. Aka kanali koyamba kuti mayiwo ayankhule ndi ine. Ndinawayankha pojambula mawu nanenso, iwo n'kundibweza, ine n'kubwezanso, tili pakhomo limodzi, titangotchingidwa ndi mpanda wa udzu. Ndinapeza kuti apongozi anga ndi munthu wanthabwala, wakuthwa mutu kuposa ambiri ovala mataye. Pa gulupu ndinali adimini, osati mkamwini, choncho mwambo unkatiyang'anira kumbali.

Nthawi yomweyo n'kuti tili ndi khanda, mwana wathu wamkazi amene tinamudikira zaka zambiri. Akulu a mpingo anandiitana kuseri kwa tchalitchi. "Aphunzitsi, mwana wanu akuyenera kubatizidwa pa mgonero ukubwerawu," anatero mlimi wa fodya uja. "Koma tim'batiza bwanji pomwe mawu onyoza ubatizowo akuchokera pakhomo panu? Achotseni mayiwo pa gulupu."

Ndinapempha kuti uadiminiwo apatse wina. "Mukufuna kuthawa ntchito ya Mulungu eti?" anandifunsa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndinapempha mkazi wanga kuti akawapepese amayi ake, angokhala kaye chete mpaka mgonero udutse. Anandiyang'ana akuyamwitsa. "Abambo, amayi anga ndiwatseke pakamwa ine? Kambiranani nokha, si mumayankhulana masiku ano?" Koma tikanakambirana kuti? Pa gulupu mpingo wonse unkamvetsera. Kuwatumizira mawu paokha kukanakhala mkamwini kulamula apongozi ake pamalo pawo, chinthu choti ankhoswe akhalire pansi.

Ndinayesa kutseka gulupu kuti ndizilemba ndekha. Sabata yomweyo kunagwa maliro kwa matenanti a ku esiteti, uthenga unasowa polowera, ndipo azimayi a mpingo anafika mochedwa. Ananditukwana mpaka ndinatsegulanso. Nditangotsegula, mawu oyamba kulowa anali a apongozi, akupepesa anamfedwa kenako n'kubwerera ku madzi awo aja. Ndinkadzuka ndi mantha, kuopa foni yanga yomwe.

Loweruka masana, mawa lake kuli ubatizo, ndinakhala pansi pa mango uja n'kuwachotsa apongozi pa gulupu. Foni sidziwa za apongozi. Inangolengeza ku mpingo wonse kuti ine ndachotsa nambala ya mkazi wanga. Iye n'kuti akuyanika kadiresi koyera ka mwana. Anayang'ana foni yake, anandiyang'ana ine, n'kungoti, "Ndaona."

Lamulungu m'mawa apongozi anabwera atavala chitenje chatsopano. Anabereka mdzukulu wawo okha njira yonse, ine ndikutsatira patali monga mwa nthawi zonse. Pakhomo la tchalitchi anamasula mbereko, anapereka mwana kwa mayi wake, n'kukakhala pansi pa bulugamu panja. Abusa akuthira madzi pamutu pa mwana wanga, ndinkawaona apongozi pa windo atakhala okhaokha, akupinda mberekoyo pamiyendo.

Mwana anabatizidwa. Gulupu ilipobe, adimini ndikadali ine, ndipo mikangano sinathe, masiku ano akulimbana za chakhumi. Apongozi sanandifunsepo kanthu, ngakhale kudzera mwa mkazi wanga. Tikakumana panjira ya kudimba amapatukira m'munda monga kale, ine n'kuyang'ana kumbali. Kale ndinkadziwa kuti ndi ulemu. Pano sindidziwa, ndipo ndilibe powafunsira.