Nguluwe imene inanditulutsa pa chikamwini

Anthu akamanyoza filimu yakale ija ya nguluwe yodya anthu, ine mtima umandiwawa. Amati chilombocho chimachita kuonekeratu kuti n'cha mphira, zithunzi zake n'zotuwa, mulibe ngakhale karate. Alekeni, sanalonderepo chimanga anthu amenewo. Ukatswiri wa filimuyo ndi woti nguluweyo saionetsa msanga. Umangoona udzu ukugwedezeka, umve kupuma kwake, kenako munthu wasowa. Nguluwe yeniyeni imateronso, umangopeza munda wagona.

Chimbale chake anandipatsa ulere bambo wina wachisilamu wa shopu ku Katete, ati nkhumba, ngakhale ya m'filimu, asaione m'shopu mwake.

Nthawi imeneyo ndinali pa chikamwini kwawo kwa akazi anga ku Vubwi, chaka chachitatu. Ntchito ya ukalipentala inkandidikira ku Katete, koma kuti ndimutenge mkazi chitengwa, apongozi anga aakazi anayenera kuvomera. Ndinatumiza mawu kudzera kwa ankhoswe kawiri konse. Yankho linali lomwelo, tiona kaye. Ndinalima, ndinafolera nkhokwe, ndinawakhomera chitseko chatsopano, koma tiona kaye. Kukawafunsa ndekha sikukanatheka. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, ngakhale mukhale chitedze.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, ndinalumikiza ka TV ku batire ya sola. Akazi anga ndi achemwali awo atatu anadzaza m'nyumba, tinatchinga zenera ndi chitenje kuti zithunzi zioneke. Apongozi anakhala pamphasa pafupi ndi khomo, atafulatira, ati iwo akungoswa mtedza wawo, za mafilimu alibe nazo ntchito. Ine ndinakakhala kutali pakona, mwaulemu wake. Filimuyi ndinali nditaionera kasanu, ndiye ndinkadzichemerera, kuwauza azimayiwo kuti asaope, mwamuna alipo.

Tinafika paja mlenje watsala yekha m'kanyumba, mfuti yakana, kunja kwangoti zii. Apongozi mtedza anali atauiwala kalekale, khosi lili chopotoka kuyang'ana TV. Pomwepo, kuseri kwa khoma limene ndinatsamira, china chake chinafwenthera mwamphamvu, khoma n'kuyamba kuyoyoka dothi pamsana panga.

Abale inu, miyendo ilibe mwambo. Mmene ndinawadumphira anthu anayi sindikudziwa mpaka lero. Ndinangozindikira ndili chogwada kumbuyo kwa apongozi, nditawagwira mapewa ndi manja onse awiri, mtedza uli mbwee pansi. Chilombo chija chinali nkhumba yawo yomwe, yothawa m'khola, ikudzikanda pakhoma.

Palibe anaseka. Akazi anga anadziphimba kumaso ndi chitenje. Ndinachotsa manja pang'onopang'ono, manyazi atandigwira mpaka kumapazi. Mumtima ndinkati basi, za ku Katete zathera pano, ndikalambira m'mudzi muno, ndipo mawa ankhoswe akhala pansi chifukwa cha ine.

Apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba m'zaka zitatu.

"Bambo, munthu akaopa amathawira kwa mayi ake," anatero. "Inu mwathawira kwa ine. Mutengeni mkazi wanu muzipita ku Katete. Chimanga changa simungachilondere inu."

Apo ndiye nyumba yonse inafa nacho chiseko, achemwali ena mpaka kugubuduka pamphasa. Nanenso ndinaseka nawo, koma misozi ili m'maso, chifukwa mayi anga ondibereka anamwalira ndili wamng'ono, ndipo apongozi ankadziwa zimenezo.

Tinasamuka titatha kukolola. Chimbale chija sindinapite nacho. Apongozi anandiuza pamaso, osadzeranso kwa ankhoswe, kuti ndichisiye, ati tsiku lija mwana wawo wina wamantha anawasokoneza asanaone mmene nguluweyo inathera.