Tsiku limene anandiika pampando woweruza

Gulu lathu lowerenga mabuku linkakumana Loweruka lomaliza la mwezi, m'kalasi ina ya pulayimale pa boma pa Mwanza. Tinali azimayi okhaokha: aphunzitsi, manesi, ena ageni. Buku linkakhala limodzi basi, n'kumayenda m'manja mpaka ku Thambani pa kabaza, pobwerako litadetsedwa ndi mafuta a mandasi. Tikakumana, za kalembedwe sitinkataya nazo nthawi. Ife tinkazenga mlandu anthu a m'bukumo. Mmodzi ankakhala pampando wa aphunzitsi ngati woweruza, enafe titadzipanikiza m'madesiki a ana, tikusenda manachesi.

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndiye pagulupo ndinkadziwika. Chimene sindinkadziwa n'chakuti amuna anga, oyendetsa thiraki ya ku Tete, anali ndi banja lina pa Zobue, kungodutsa chipata cha m'malire, mwana ali kumsana. Gulu lonse linkadziwa. Ine ndinkangowachapira zovala zapaulendo.

Mwezi umenewo amayi apampando, mphunzitsi wopuma wolankhula mofewa ngati akupemphera, anabwera ndi buku la mkazi amene mwamuna wake anakabereka kunja, mudzi wonse ukudziwa kupatula iye. Anayamba kupatsa ine, nati ndisathamange nalo. Ndinaliwerenga ndikutukwana mkaziyo tsamba ndi tsamba. Tsiku litakwana anati woweruza ndikhale ine, ndipo ndinakhala pampandopo monyada, nditavala chitenje chatsopano.

Abale inu, ndinalankhula. Ndinati mkaziyo ndi chitsiru chotheratu. Mwamuna akubwera akununkhira sopo amene iwe sunagule, iwe n'kumamutenthetsera madzi osamba? Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati ndibwereze za sopozo, ndinabwereza ndikuthirako mchere. Kenako nesi wina, mnzanga amene ndinkamubwereka mbale pa zinkhoswe, anafunsa akupukuta misozi ngati anzake a mkaziyo anayenera kumuuza. Ndinati amusiye, maso ali nawo, adzaona yekha. Anandiombera m'manja. Ine ndinkayesa akusangalala ndi nthabwala zanga.

Amene sanaseke anali mmodzi, mayi wina wa kwa Nthache amene anabwera kuno ali mwana, makolo ake pothawa nkhondo ku Mozambique. Titaweruka ananditsatira mpaka kumsewu, pamene mathiraki amandandana. Musaganize kuti anandimvera chisoni. Anali atapsa mtima ndi zimene ndinanena za mkazi wachiwiri wa m'bukumo, poti ndinamutcha hule.

"Wa pa Zobue uja si hule," anatero. "Ndi mwana wa achemwali anga. Amuna anu anabwera kwathu ndi ankhoswe, masanasana."

Ndinafunsa kuti wa pa Zobue wake uti, iye anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kukwera kabaza.

Ndinabwerera m'kalasi muja. Ena onse anali adakali momwemo, ndipo nditangolowa phokoso linatha. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Wina ankafunafuna kanthu m'chikwama, nesi uja ankathothola njere za nachesi. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso kwina kulikonse, ndipo azimayi amenewo ndimadana nawo mpaka lero. Za amuna anga zinandiwawa pambuyo pake, ndi bwino ndinene zoona. Panthawiyo chimene chinkandiotcha chinali kuseka kuja.

Ndinafunsa amayi apampando chifukwa chimene sanandiitanire pambali ngati munthu. Anayankha ndi mawu awo ofewa aja, akukonza duku.

"Tinayesetsa, amayi. Bukuli tinasankhira inu. Lero takufunsani pamaso pa anthu ngati mkazi wotere n'ngofunika kumuuza. Mwagamula nokha kuti timusiye."

Kumbuyo wina analephera kudzigwira, anaseka chobisa nkhope m'chitenje. Amayi apampando anatenga tsache kuseri kwa chitseko n'kundipatsa, nati lamulo la gulu silisintha, woweruza wa tsikulo ndiye amasesa kalasi. Anatuluka awiriawiri akunong'onezana. Ine ndinawerama n'kusesa makoko awo a manachesi.